Phunziro 18: Madzi ndi nsomba za a Cree

Kumpoto kwa dziko la Canada, m'chigawo cha Quebec, kuli anthu otchedwa a Cree. Iwo ndiwo eni nthaka kuyambira kalekale. Kumeneko kumazizira kwambiri. Mitsinje ndi nyanja zimaundana miyezi yambiri pachaka. A Cree amadalira kusaka nyama ndi kugwira nsomba.

M'chaka cha 1971 boma la Quebec linalengeza kuti lidzatseka mitsinje yawo kuti lipange magetsi. A Cree sanafunsidwe. Anapita kukhoti, ndipo mu 1975 boma linachita nawo pangano. Madamu anamangidwa pa mtsinje wa La Grande. Madzi anamiza nkhalango zazikulu.

Patapita zaka zochepa, akatswiri a sayansi anapima nsomba. Anapezamo mekyule wambiri. Mekyule ndi poizoni. Ndi yemweyo amene okumba golide ena kuno kwathu amagwiritsa ntchito.

Kodi anachokera kuti? Mekyule pang'ono amakhala m'nthaka nthawi zonse. Masamba ndi udzu zikamizidwa zimawola. Tizilombo tosaoneka ndi maso timasintha mekyuleyo kuti alowe mosavuta m'zamoyo za m'madzi. Nsomba yaing'ono idya zamoyozo. Nsomba yaikulu idya yaing'ono. Munthu adya yaikulu. Motero nsomba zodya zinzake, monga achitira mcheni kuno, ndizo zinali ndi poizoni wochuluka. Mekyule amaononga ubongo, makamaka wa mwana amene ali m'mimba.

Mu 1986 a Cree, boma ndi kampani ya magetsi anagwirizana kupima nsomba ndi tsitsi la anthu. Akatswiri anasonyeza nsomba zoopsa. Akuluakulu a Cree anasonyeza malo amene makolo awo ankagwirako nsomba, kutali ndi madamu. Nzeru ziwirizi zinathandizana. Poizoni m'nsomba zazikulu anatenga zaka zoposa 20 kuti achepe.

Pamene boma linafuna kutseka mtsinje wina, wa Great Whale, a Cree anakana. Ankadziwa kale zimene madzi omiza nkhalango amachita. Ntchitoyo inaimitsidwa mu 1994.

Anzanga, tisanagawe malo a munda, a mgodi kapena a damu, tiyambe tadziwa madzi athu.

Mafunso
1. Kodi mekyule amafika bwanji m'thupi la munthu?
2. Kodi m'mudzi mwathu ndani adziwa malo amene nsomba zimaswanirana?

Tilembe: madzi, nsomba, nthaka, pangano.