Nehemiya ndi thumba la feteleza

Phunziro la sabata ino. Werengani Nehemiya 1:1-4 ndi 5:14-18.

Abishopu andituma kuti tiyambe kukonzekera Okutobala. Pa 18 ndi tsiku la mapemphero a dziko lonse, pa 24 tikumbukira ufulu wa 1964. Tidzavala zitenje za mbendera, tidzaimba, tidzavina. Zabwino ndithu. Koma kodi kukonda dziko nʼchiyani?

Nehemiya anali pabwino ku Susani, wopereka chikho kwa mfumu. Atamva kuti linga la Yerusalemu lagwa, anakhala pansi nalira, nasala kudya masiku angapo. Ambiri timathera pamenepo, pa misozi ndi pemphero. Pitirirani mpaka chaputala 5. Munthu yemweyo atakhala kazembe wa Yuda zaka 12, anakana kudya chakudya chimene udindo wake unamulola kutolera kwa anthu, chifukwa anaona kuti anthuwo alemedwa kale. Palibe amene akanamugwira. Chinamuletsa nʼkuopa Mulungu basi.

Tsopano tibwere kwathu kuno ku Vubwi. Malire a Malawi ndi Mozambique ali pakhomo. Ena amalume athu ali ku Mchinji, ndipo mu Ogasiti timakumana nawo ku Mkaika pa Kulamba, tonse ana a Kalonga Gawa Undi. Kukonda Zambia sikudana ndi abale amenewa, ayi. Mlendo mupatseni nsima, ndiye chikhristu.

Koma feteleza wa FISP ndi nkhani ina. Inu mumapereka K400, zotsalazo limalipira ndi dziko, kuchokera ku misonkho ya namwino, mphunzitsi ndi mayi wogulitsa tomato. Cholinga nʼchakuti alowe mʼmunda mwanu. Ndiye thumba likakwera njinga usiku kudutsa tinjira ta kutchire, mwagulitsa chinthu chimene si chanu nokha. Ndikudziwa, fizi ya ku koleji imavuta, matenda sapangana ndi munthu. Inenso ndili ndi ana, sindikulankhula ngati mngelo. Komabe tonse tinaona chilala cha 2024, mmene nkhokwe zinakhalira zopanda kanthu. Mvula ikabwera bwino, munda wopanda feteleza tidzanamizira Satana?

Pa 29 Disembala 1991 a Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Mawuwo analowa mʼmalamulo aakulu a dziko mu 1996. Pepala silingaope Mulungu, abale. Amaopa ndi munthu, monga Nehemiya.

Zopempherera sabata ino:
Atsogoleri athu onse, kuyambira amfumu a Pembamoyo mpaka ku State House, ngakhale amene simunawavotere (1 Timoteyo 2:1-2).
Mvula yabwino chaka chino.
Amene ngongole yawapanikiza mpaka kuganiza zogulitsa feteleza. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, musachite manyazi, tionane Lachitatu mapemphero akatha, musanapange malonda ndi munthu.