Azakhali: Sajeni wavala misomali m'khosi

Azakhali,

Agogo athu anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito pa mgodi wa Shabanie, ndipo ife tikukhalabe ku Maglas, kuno ku Zvishavane. Amuna anga amakumba golide cha ku Mberengwa, amatha masabata osabwera. Mwezi watha anagulira galu wathu Sajeni lamba wa m'khosi wa misomali yosongoka, ati mbava zizimuopa. Dzulo mwana wathu wakalika padzanja pomukumbatira. Ndimuvule kapena ndidikire eni ake?

Mayi wa ku Maglas

Mwana wa achimwene,

Akamwini athuwo ukandifunsireko: kodi mimbulu yafika liti ku Maglas? Pajatu lamba ameneyu ndi wa abusa a ku Turkey ndi ku Spain, kumene galu amagona kuphiri ndi nkhosa. Mmbulu ukamagwira umathamangira pakhosi, ndiye ukaluma chitsulo umasiya, galu n'kupulumuka. Kumeneko lambayo ndi wanzeru, sindikana. Ngakhale kwathu kuno, galu woweta mbuzi kumene kumayenda afisi ndi akambuku ndikhoza kumulola. Koma Sajeni? Ziweto zake ndi nkhuku zitatu ndi ndowa ya madzi!

Tsono mbava amene bambo akunyumbawo akumuopa saluma agalu pakhosi. Iwe wakulira pamigodi, ukukumbuka za 2019, magulu a zikwanje aja ankawatcha maShurugwi atasowetsa mtendere okumba golide ku Kwekwe ndi kwina konse. Munthu wonyamula chikwanje sabwerera chifukwa cha misomali. Wakuba nkhuku ndiye savutika n'komwe, amangoponya kanyama ka poizoni. Ndipo galu wanjala, olo atavala zitsulo thupi lonse, sakana.

Amene misomaliyo imawapezadi ndi apakhomo: mwana wakoyo, miyendo yako usiku magetsi akazima, ndi galu mwiniwake akakodwa pa waya wa mpanda. Lamba wotambalala chonchi amabisanso nkhupakupa ndi zilonda. Suzumira kunsi kwake lero lomwe, uone.

Uchenjere, palinso lamba wina amene mano ake amaloza m'kati, yemwe amati ndi wophunzitsira galu kusakoka chingwe. Galu akakoka, manowo amamufinya khosi. Amasiyadi kukoka, chifukwa zimawawa, koma ena amasanduka amantha, ena olusa. Ku Switzerland ndi ku Austria lamba wa manoyu anamuletsa. Ku Zimbabwe nako kuli lamulo loletsa kuchitira nkhanza nyama, ndipo a bungwe loteteza nyama la SPCA sagona.

Muvule lero, usadikire munthu. Mugulire lamba wamba wachikopa, womasuka moti zala ziwiri zilowe pakati pa lamba ndi khosi. Ndalama yotsala upite naye kwa a zaulimi wa ziweto akamubaye katemera wa chiwewe. Mwana ukamutsuke bala ndi sopo, ndipo ngati pali dzino la galu linakhudzapo, thamanga naye kuchipatala osazengereza. Sajeni azidya mokwanira, agone pafupi ndi khomo. Ntchito yake n'kuuwa kuti aneba adzuke, basi.

Akamwini akabwera ali psuu ndi fumbi la mgodi, uwapatse kaye madzi osamba ndi nsima, kenako uwauze kuti lamba wachotsa ndi Azakhali. Akakakamira kuti ndi wokongola, avale okha Loweruka popita kubawa.

Azakhali ako