Mafunso ndi Mayankho: Kuwapezera Makolo Nyumba Yosungirako Okalamba

Wowulutsa: Makalata a sabata ino ambiri achokera kwa abale athu a ku Britain ndi ku South Africa, ndipo nkhani yake ndi imodzi: nyumba zosungirako okalamba. Tili ndi amayi namwino amene agwira ntchito m'nyumba zoterezi ku England kwa zaka zambiri. Amayi, tiyambe ndi mayi ena a ku Leeds. Akuti bambo awo anadwala sitiroko, sakuyenda, ndipo kuchipatala awauza kuti asankhe nyumba imodzi mwa zitatu. Zonse zitatu zili ndi chizindikiro cha Good. Asankha bwanji?

Namwino: Zikomo. Pepani ndi matenda, mayi. Choyamba dziwani kuti nyumbazi zili mitundu iwiri. Ina ili ndi osamalira okha, owasambitsa, kuwaveka ndi kuwadyetsa. Ina ili ndi namwino usana ndi usiku. Bambo oti sakuyenda, mwinanso kumeza kukuwavuta, kawirikawiri amafunika yachiwiriyi. Funsani achipatala kuti atawayeza anapeza kuti akufunika iti.

Tsono za Good zija. Chizindikirocho amapereka ndi bungwe la Care Quality Commission, kapena kuti CQC, limene lakhala likuyendera nyumbazi ku England kuyambira 2009. Masitepe ake ndi anayi: pamwamba Outstanding, kenako Good, kenako Requires improvement, pansi penipeni Inadequate. Koma nyumba zambiri zili pa Good pomwepo, nchifukwa chake chizindikirocho sichikukuthandizani kusiyanitsa. Tsegulani lipoti lenilenilo pa intaneti, muone deti. Mu 2024 kafukufuku amene anatsogolera Dr Penny Dash anapeza kuti malo ena anatha zaka zambiri osayenderedwa. Good wakalekale akhoza kukhala wa manijala amene anachoka, ndi antchito amene anabalalika. Muwerengenso mbali ziwiri za lipotilo, ya chitetezo cha okhalamo ndi ya utsogoleri. Zikalephera ziwirizi, zinazo sizichedwa kugwa.

Mukatero, pitani nokha. Ulendo woyamba adzakulandirani bwino, tiyi ndi mabisiketi, nkukuonetsani chipinda chokongola. Wachiwiri pitani nthawi ya chakudya chamasana, kapena Lamlungu madzulo akuluakulu a mu ofesi kulibe. Khalani pansi muzingoona. Kapu ya madzi ili poti gogo angaifikire, kapena ili pa tebulo kutali, yodzaza chidzazireni m'mawa? Amene akudyetsa munthu wakhala pansi nkumamulankhula, kapena waimirira, supuni ikubwera pakamwa yoyamba isanamezedwe? Belu likalira, limalira nthawi yaitali bwanji? Fungo la mkodzo pa chipinda chimodzi si nkhani, ngozi zimachitika. Koma likakhala kuti lalowerera m'mipando ndi m'makatani, ndiye kuti matewera amachedwa kusinthidwa tsiku ndi tsiku.

Ndipo funso limene ine ndimaliika patsogolo pa onse ndi ili: usiku pamakhala antchito angati, pa anthu angati, ndipo ndi angati mwa iwo ongobwerekedwa ku ejensi? Mufunsenso wosamalira mmodzi kuti wakhalapo nthawi yaitali bwanji. Wosamalira amene wakhalitsa amadziwa kuti agogo akuti akangokhala chete osadya ndiye kuti kwabwera matenda. Wobwera shifiti imodzi, ngakhale ali wamtima wabwino chotani, sangazidziwe.

Wowulutsa: M'kalatamo awonjezera kuti akuopa zilonda.

Namwino: Akuopa zoona, ndipo apa mpamene ife akhungu lakuda tiyenera kutsegula maso kuposa ena. Munthu wogonera mbali imodzi nthawi yaitali, magazi sayenda bwino pamene fupa latsamira: kumatako, m'chiuno, ku zidendene. Antchito ambiri anaphunzitsidwa kuyang'ana kufiira. Pa khungu lathu kufiirako sikuoneka msanga. Pamangoda kuposa pozungulira, kapena pamatuwa, pamatentha, pamalimba mukapakhudza. Pofika poti aliyense aone, chilonda chalowa kale mkati. Ndiye mufunseni namwino wa pamenepo mosabisa: pa khungu ngati la bambo anga mumayang'ana chiyani? Akayankha zokhudza ndi dzanja, kutentha ndi kulimba, mwapeza wodziwa. Mupemphenso kuona pepala kapena tabuleti imene amalembapo nthawi yotembenuza odwala. Malangizo a ku England amati munthu amene ali pachiopsezo chachikulu asapitirire maola anayi ali chigonere mbali imodzi.

Wowulutsa: Kalata yachiwiri, abambo a ku Luton. Akuti amayi awo ali ndi matenda oiwala, amatuluka usiku. Apeza nyumba yodula, yooneka ngati hotela. Koma achibale kumudzi akuti mwawataya amayi.

Namwino: Achimwene, amene akunena zimenezo ali pa mudzi poti pali azakhali, adzukulu, ndi anansi oti gogo akasochera amamubweza. Inu muli m'fulati, mukugwira mashifiti, kunja kukuzizira. Musadziweruze ndi muyeso wa kumudzi. Kutaya ndi kukawasiya osapitako.

Za kudula, mtengo nthawi zambiri umatsata nyumba ndi dera, osati manja ogwira ntchito. Kapeti sasambitsa munthu. Musanasaine chilichonse, pemphani khonsolo ya kwanuko iwayeze amayi, ndi ufulu wawo pansi pa lamulo la Care Act la 2014. Ku England, amene ali ndi chuma choposa mapaundi 23,250 amadzilipirira yekha. Wochepera pamenepo khonsolo imathandizapo. Koma chimene ndingakufunseni ine ndi china. Anthu odwala matenda oiwala, Chingerezi chimene anaphunzira atakula chimatha kuwathawa, nkutsala Chichewa chokha. Amayi akamati "ndikumva ludzu" adzawamva ndani? Masiku ano m'nyumba zina muli osamalira ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe; funsani ngati alipo. Funsaninso ngati mungamabweretse nsima ndi ndiwo za kwanu, komanso ngati amadziwa kusamala tsitsi lathu ndi kudzoza mafuta.

Wowulutsa: Tipite ku Johannesburg. Achemwali ena akuti apeza malo otchipa, nyumba wamba yokhala ndi okalamba ochepa, mwini wake ndi munthu wopemphera.

Namwino: Kupemphera nkwabwino, koma pemphani satifiketi. Lamulo la Older Persons Act la 2006 limati nyumba yosunga okalamba ilembetsedwe ku Department of Social Development. Akayamba kuzungulirazungulira, tulukani. A ku Gauteng mukukumbukira za Life Esidimeni mu 2016: odwala matenda a maganizo anasamutsidwa kupita ku timabungwe totchipa, ndipo anthu 144 anamwalira, ena ndi njala, ludzu ndi kuzizira. Lipoti la Professor Malegapuru Makgoba la 2017 linapeza kuti mabungwe 27 amene analandira odwalawo analibe ziphaso zovomerezeka. Sanali malo a okalamba, koma chimene chinapha anthu nchomwecho: malo opanda antchito odziwa, opanda owayendera.

Wowulutsa: Yomaliza lero, mtsikana amene sanafune kutchula tauni. Iyeyo ndi wosamalira ku England. Akuti usiku amatsala awiri pa anthu ambiri, ndipo amauzidwa kulemba kuti atembenuza odwala pamene sanawatembenuze. Akuopa kulankhula chifukwa viza yake ili m'manja mwa abwana.

Namwino: Mwanawe, mantha akowo ndikuwamva, koma usasainire chimene sunachite. Chilonda chikadzatuluka, dzina limene lidzawerengedwe ndi lako, osati la abwana. Uzilemba m'kabuku kako deti, shifiti, ndi kuchuluka kwa antchito, osalembamo mayina a odwala. Ukhoza kudziwitsa CQC osatchula dzina lako, ukhozanso kuimbira ofesi ya khonsolo yoteteza akuluakulu osatha kudziteteza. Za viza, kaonane ndi yuniyoni kapena a Citizens Advice usanachite kanthu, akuuze pamene waima. Ndipo yamba kale kufunafuna malo ena, usadikire tsiku lokangana.

Wowulutsa: Nthawi yatithera. Abambo a ku Glasgow, kalata yanu taiona. Kwanuko oyendera ndi a Care Inspectorate, amene amapereka mamakisi kuyambira 1 mpaka 6, ndiye tidzayamba ndi inu sabata yamawa.