Kodi Katswiri Weniweni Timamdziwa Bwanji?

Pabwalo la mpira kwa Kaduya, monganso m'madera ena a ku Phalombe, pali mkangano wosatha. Akuluakulu amati sipadzaonekanso wogoletsa ngati Kinnah Phiri. Anyamata amayankha kuti tsabola wakale sawawa, wawo ndi Gabadinho Mhango. Mkanganowu uli ndi phunziro kwa ife tonse, chifukwa poyerekeza akatswiri a mibadwo yosiyana tiyenera kulekanitsa zinthu ziwiri: zimene munthu adazipeza pa nthawi yake, ndi zimene adachita kusankha yekha.

Nthawi sizifanana

Kinnah adagoletsa zigoli 71 m'timu ya dziko lino, ndipo adali m'gulu limene lidatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979. Gabadinho amakumbukika ndi chigoli chapatali chija pokumana ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, pamene Flames idadutsa koyamba ndime ya m'magulu pa chikho cha Africa.

Koma mpira wa anthu awiriwa si umodzi. Mu 1984, Malawi itapita koyamba ku chikho cha Africa, kudali matimu 8 okha; mu 2022 adalipo 24. Chaka cha 1992 chisadafike, goloboyi ankaloledwa kugwira ndi manja mpira womubwezera mnzake ndi phazi. Mabwalo, nsapato ndi maphunzitsidwe nazonso zidasintha. Zonsezi palibe wosewera amene adazisankha. Choncho muyeso wabwino ndi kufunsa kuti: kodi munthuyu adaposa bwanji anzake a nthawi yake, amene ankasewera pa malamulo ofanana?

Zimene zidachitika ku America

Muyeso umenewu umasokonekera pakalowa chinyengo. Chitsanzo chomveka bwino chikuchokera ku America, kumene amakonda masewera otchedwa baseball. Wina amaponya kampira kolimba, wina n'kukamenya ndi chibonga. Akakamenya mpaka kudumpha mpanda wa bwalo, amati wamenya home run, ndipo anthu a kumeneko amasunga mawerengero ake mosamala kwambiri.

Mu 1927 Babe Ruth adamenya ma home run 60 pa chaka chimodzi. Mu 1961 Roger Maris adamenya 61, koma anthu adadandaula kuti chaka chake chidali ndi masewera 162 pamene cha Ruth chidali ndi 154. Ena adakumbutsa kuti Ruth sankapikisana ndi akatswiri achikuda, amene tsankho lidawatsekera kunja mpaka Jackie Robinson adatsekula njira mu 1947. Uku kudali kusiyana kwa nthawi, ngati kwa Kinnah ndi Gabadinho.

Zodabwitsa zidadza pambuyo pake. Kuchokera 1927 mpaka 1997, anthu awiri okhawo ndiwo adafika pa 60. Koma pa zaka zinayi zokha, 1998 mpaka 2001, anthu atatu adapitirira chiwerengerochi kasanu n'kamodzi. Mu 1998 Mark McGwire adamenya 70 ndipo Sammy Sosa 66; mu 2001 Barry Bonds adamenya 73. Mu 2003 akuluakulu a masewerawa adayamba kuyeza osewera ngati akugwiritsa ntchito mankhwala okuza minofu otchedwa masiteroidi. Kuyambira pamenepo palibe adafikanso pa 60 mpaka Aaron Judge adamenya 62 mu 2022.

Mu 2007 kafukufuku wotsogoleredwa ndi George Mitchell adatchula maina a osewera ambiri, Bonds ali pomwepo, ngakhale mwini wake adakana kuti adamwapo mankhwalawo akudziwa. McGwire adavomera poyera mu 2010 kuti ankawagwiritsa ntchito, ngakhale m'chaka chija cha 1998. Olemba nkhani za masewera, amene amavotera akatswiri oyenera ulemu wosatha, sadasankhe ndi mmodzi yemwe mwa atatuwa.

Masiteroidi n'chiyani?

Awa ndi mankhwala opangidwa motsanzira mphamvu yachibadwa imene imakuza minofu ndi kusintha mawu a mnyamata akamakula. Madokotala amawapereka kwa odwala ena, pa mlingo woyenera. Munthu wamasewera akawamwa kapena kudzibaya, minofu imakula msanga ndipo thupi silichedwa kuchira akatopa. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Mankhwalawa amaononga chiwindi ndi mtima, amachepetsa mphamvu yobereka, amabweretsa ukali wosadziwika bwino, ndipo kwa wachinyamata amatha kuimitsa mafupa asadathe kukula.

Sikelo ya nandolo

Makolo athu a kwa Kaduya angamve msanga kusiyana kwake. Mdzukulu wolima mbewu yamakono ndi feteleza akakolola matumba ambiri kuposa agogo ake amene ankabzala chimanga cha makolo, sitinena kuti waba, komanso sitinena kuti agogowo adali aulesi. Aliyense adalima ndi zimene zidalipo. Koma wogula nandolo akapotoza sikelo, imeneyo si nkhani ya nthawi ayi. Wabera mlimi amene waima pamaso pake, ndiponso wachititsa kuti anthu azikayikira sikelo iliyonse pamsika.

Ndi mmenenso zilili ndi womwa masiteroidi. Amalanda malo a mnzake woona mtima, amene mwina adachotsedwa m'timu chifukwa chokana mankhwala. Amafafaniza mbiri ya akale amene adaipeza ndi thukuta. Amadetsanso mbiri ya anzake osalakwa, pakuti aliyense wochita bwino pa nthawiyo amayamba kukayikiridwa.

Mpingo ukutiphunzitsa chiyani?

Paulo Woyera, m'kalata yake yachiwiri kwa Timoteo (2:5), akukumbutsa kuti mphotho ya mpikisano ndi ya amene watsata malamulo ake. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992, pa ndime 2288 mpaka 2291, akuti moyo ndi thanzi ndi mphatso za Mulungu zoti tizisamale, ndipo akutichenjeza kuti tisapembedze thupi kapena kupambana pa masewera. Apa malamulo atatu akukhudzidwa: lachisanu, chifukwa munthu akudziononga; lachisanu ndi chiwiri, chifukwa akutenga mphotho ya wina; ndi lachisanu ndi chitatu, chifukwa zotsatira zake ndi bodza.

Kumbukiraninso fanizo la matalente pa Mateyo 25. Wantchito amene adapindula awiri adayamikiridwa chimodzimodzi ndi amene adapindula asanu. Mbuye wawo sadayerekeze chiwerengero. Adayang'ana kukhulupirika pa zimene aliyense adalandira.

Kwa ife a m'seminale, mayesero otere sali kutali. Likasa pa mayeso, kuchepetsa zaka kuti usewere ndi ana, kapena mapiritsi okuza thupi amene mnzako akukupatsa pa tchuthi, zonsezi ndi sikelo yopotoka. Wansembe wa mawa adzasunga chuma cha parishi ndi zinsinsi za anthu. Ngati lero akunyenga kuti apeze malikisi, nanga akhristu adzamkhulupirira bwanji?

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani zinthu zitatu zimene zidasintha mu mpira kuyambira nthawi ya Kinnah Phiri. Kodi chilipo chimene tingachitche chinyengo?

2. McGwire adavomera patapita zaka 12. Kodi kuvomera kokha n'kokwanira, kapena pali choti abweze? Angabweze kwa yani?

3. Mnzanu wapamtima akamaonera mayeso inu mukudziwa, chikondi chachikhristu chikukufunsani kuchita chiyani?