Foni ya Mwana ndi Khutu la Kholo: Mayankho kwa Omvera a ku Thyolo

WOULUTSA: Lero tikulankhula makamaka ndi inu a m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, kuyambira ku Bvumbwe, kudzera pa boma, kufikira ku Makwasa, ku Thekerani ndi ku Luchenza. Makalata atatu amene tasankha madzulo ano akukhudza nkhani imene ambiri timaitchula monong'ona, ndiyo ya kudzivulaza ndi kudzipha. Ndipo popeza eni ake anatipempha kuti tiwasungire chinsinsi, maina awo ndi a maesiteti amene amagwirako ntchito sitiwatchula. Otiyankha ndi anamwino a matenda a maganizo. Takulandirani, amayi.

ANAMWINO: Zikomo kwambiri, bambo, ndipo moni kwa onse amene atchera khutu.

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kufupi ndi Makwasa, ndipo ikuti: "Ine ndine mayi wothyola tiyi. Mwana wanga wamkazi wa Folomu 3 wasintha chilandirire foni imene amalume ake anamtumizira kuchokera ku Joni. Sadya nafe, usiku sagona, ndipo ngakhale kunja kutenthe savula juzi. Tsiku lina ndinaona zipsera pa mikono yake, ndipo mng'ono wake anandiululira kuti ali m'gulu la pa WhatsApp mmene atsikana amatumizirana zithunzi za mabala awo nayamikirana. Bambo ake akuti aphwanya foniyo ndi kumkwapula, pamene anansi akuti mwanayu amulodza. Ndichitenji?"

ANAMWINO: Amayi, ndiyambe ndi kukuthokozani, pakuti mwaona chimene makolo ambiri sachiona, ndipo mutachiona simunachikwirire. Mwana amene amadzivulaza sanalodzedwe, ndiponso sachita zimenezi pofuna kukunyozani. Kawirikawiri amakhala ndi ululu wa mumtima umene wasowa mawu ounenera, kotero kuti kuwawa kwa thupi kumampumitsa kanthawi kochepa, kenaka chisoni chija chimabwerera pamodzi ndi manyazi. Si onse ochita zotere amene amafuna kufa, koma amene ayamba kuyenda njira imeneyi ali pa chiopsezo choposa cha anzawo, ndipo nchifukwa chake nkhaniyi siyenera kudikira kuti sukulu itsekere.

Za magulu otere, ndikuuzeni mmene amagwirira mwana. Poyamba amamlandira ndi mawu okoma, namuuza kuti iwo okha ndiwo akumumvetsa. Pambuyo pake amamphunzitsa kubisa, namnong'oneza kuti makolo, aphunzitsi ndi achipatala ndi adani. Ndipo potsiriza, amene wavulala koposa ndiye amayamikiridwa koposa, pamene wofuna kuchira amayesedwa wopandukira anzake. Kuwonjezera apo, masamba monga TikTok, Instagram ndi Facebook anapangidwa kuti azipatsa munthu zochuluka za chimene wachiyang'ana nthawi yaitali, monga wogulitsa kachasu amene, poona kuti dzulo munamwa, lero akudzazirani chikho musanapemphe. Ku London, mtsikana wa zaka 14 dzina lake Molly Russell anamwalira mu November 2017, ndipo pamene bwalo lofufuza imfa yake linagamula mu September 2022, linapeza kuti zimene ankaona pa intaneti zinathandizira imfayo. Pa miyezi 6 yake yotsiriza anali atasunga, kuyamikira kapena kugawana ndi ena zinthu zokwana 2,100 zonena za chisoni, kudzivulaza ndi kudzipha pa Instagram pokha, makolo ake osadziwa kanthu. Mu 2023 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo lakuti kulimbikitsa munthu kudzivulaza ndi mlandu. Ndipo kwathu kuno, kuyambira kale, kunyengerera kapena kuthandiza munthu kudzipha ndi mlandu waukulu.

Koma bambo a mwanayu ndiwapemphe mwaulemu kuti atule ndodo, pakuti mwana amene mwamlanda foni mwaukali adzabwereka ya mnzake mawa lomwe, koma pakamwa pake adzakutsekerani kwa nthawi yaitali. Gulu lija linamkopa chifukwa linali maso pa ola limene iye anafuna womumvera. Ndipo sindinena izi mokudzudzulani, popeza ndikudziwa kuti wolawira m'mamawa ndi dengu kumsana, nabwerako dzuwa litapendeka atapereka masamba ku sikelo, amafika pakhomo thupi lili lefu. Chotero sankhani nthawi imene muli awiriwiri, mumuuze kuti mwaona zipserazo ndi kuti simunakwiye, ndipo mumfunse mosazungulira ngati amaganizapo zodzipha. Akayankha, mumvereni kufikira atatha, osamdula mawu ndi ulaliki. Mukatero, tulukani m'gulumo muli limodzi, mutayamba mwasunga zithunzi za mauthenga ngati alipo wina amene ankamuumiriza, kuti mukazipereke ku Victim Support Unit ya polisi. Gwirizanani kuti usiku foni izigona kuchipinda kwanu. Ndipo mupite naye ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo, mukapemphe kuonana ndi oona za matenda a maganizo. Mwanayo angathenso kuimba nambala yaulere ya 116, imene ndi ya ana ndi achinyamata. Dziwitsaninso makolo a atsikana enawo mwachinsinsi, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

WOULUTSA: Zikomo, amayi. Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata amene akuti: "Ndili pa chikamwini, ndipo ndili ndi ana awiri. Ntchito yanga ndi ya nyengo ya mvula, ndipo masamba atachepa anatiimitsa. Ndinatenga katapila kuti ndigule feteleza, ndipo pofuna kubweza msanga ndinayamba kusewera njuga ya kandege pa foni, mpaka zonse zinapita. Apongozi akundiyang'ana ndi diso lina. Usiku ndimacheza m'gulu lina la pa Facebook mmene anthu amati moyo ndi wopanda pake, ndipo ndimaona ngati iwo okha ndiwo akunena zoona. Ndayamba kuganiza kuti ana anga angakhale bwino popanda ine."

ANAMWINO: Achimwene, ngati mukumvera, ndikulankhula ndi inu ndithu, ndipo ndikunena kuti mwachita chamuna polemba kalatayi. Mavuto amene mwatchula si ongopeka: m'minda ya tiyi ntchito imachuluka kuyambira December kufikira cha mu April, ndipo chiperoni chikamayamba ambiri amakhala atabwerera kumudzi opanda malipiro, namondwe wa Freddy anaononga minda ndi nyumba m'chigawo chino mu March 2023, ndipo mu November chaka chomwecho ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, kotero kuti thumba la feteleza linathawa m'manja mwa anthu ambiri olimbikira. Simuli nokha m'dzenje limeneli. Apolisi atawerenga anthu odzipha kuyambira January kufikira August 2020, anapeza kuti chiwerengero chinakwera ndi 57 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi miyezi yomweyo mu 2019, ndipo ochuluka koposa anali amuna, amene tinawalera powauza kuti mwamuna salira.

Koma ganizo lakuti ana anu angakhale bwino popanda inu ndi bodza limene matenda a kukhumudwa amanena ndi mawu a mwini wake, ndipo ife achipatala timalimva kwa odwala ambiri, amene akachira amadabwa kuti analikhulupirira bwanji. Ngongole imakambidwa pa bwalo, ndipo mfumu, ankhoswe kapena akulu a mpingo angathe kukhala pansi ndi mwini ndalama nagwirizana za kabwezedwe kake. Koma mwana wotaya bambo mwa njira imeneyi amasenza funso lopanda yankho kufikira ukalamba wake. Anzanu a m'gulu lija mwina akunena zoona za kuwawa kwawo, koma palibe mmodzi mwa iwo amene adzabwera kudzakuperekezani kwa mwini katapila. Iwo akumira monga inu, ndipo ena mwa iwo amakondwera poona anzawo akumira.

Mukumbukire mneneri Eliya, amene atathawira m'chipululu anakhala pansi pa kamtengo napempha kufa; mngelo sanamdzudzule, koma anamlola kugona, namdzutsa kawiri kuti adye ndi kumwa, ndipo pambuyo pake anapatsidwa Elisa kuti akhale mnzake pa ulendo. Chotero usiku uno musagone musanauze munthu mmodzi wamoyo zimene mwatiuza ife, kaya ndi akazi anu, mbale wanu kapena abusa. Tulukani m'gululo ndi kufufuta masewero aja m'foni. Lekani mowa masiku ano, popeza umafulumizitsa dzanja nuchedwetsa nzeru. Mpatseni munthuyo mankhwala onse a m'munda ndi a m'nyumba kuti akasunge kutali ndi inu. Ndipo mawa lino akuperekezeni kuchipatala. Maganizowo akakula usiku, musadikire kuti kuche, dzutsani anansi. Matenda amenewa ali ndi mankhwala ndi uphungu, ndipo pofunika kutero achipatala amatumiza odwala ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, kumene ambiri apita nabwerako ali bwino.

WOULUTSA: Kalata yotsiriza ndi ya akapitawo ena, amenenso ndi mkulu wa mpingo. Iwo akuti: "Mnyamata wina wa m'komboni mwathu anadzipha, ndipo tisanaike maliro zithunzi zake zinali zitafala m'mafoni onse. Tsopano ndikuopa za anzake. Kodi kumfunsa munthu ngati akuganiza zodzipha si kumpatsa nzeru yoipa?"

ANAMWINO: Ayi, bambo, kufunsa sikubzala ganizo limene munalibe, ofufuza aliyesa funsoli kambirimbiri napeza kuti wofunsidwa mwachifundo amapepukidwa mtima. Chimene chimafalitsa imfa ndi chimene mwachionacho, ndicho zithunzi, kufotokoza njira imene munthu anatsata, ndi kumtama womwalirayo ngati wapeza mpumulo. Ku Vienna, atolankhani atagwirizana mu 1987 kuleka kulemba mokokomeza za anthu odzipha pa njanji za mumzindamo, imfa zoterozo zinatsika kwambiri m'miyezi yochepa. Choncho uzani anthu anu kuti wolandira chithunzi chotere achifufute osachitumiza. Ndipo pa maliro, tonthozani ofedwa popanda kutemberera wakufayo kapena kumlemekeza chifukwa cha imfa yake, pakuti pa anthu okhala pa mphasa pamenepo alipo wina amene akuyesa mawu anu pa moyo wake.

Inu amene mumaitana maina m'mawa uliwonse muli ndi mwayi umene dokotala alibe. Yang'anirani wantchito amene wayamba kujomba kapena kukhala payekha pa nthawi ya phala, amene akugawa katundu wake, amene akutsanzika popanda ulendo, amene akudzitcha mtolo kwa abale ake, ndiponso amene, atakhala wachisoni nthawi yaitali, wadekha mwadzidzidzi popanda chifukwa. Samaliraninso makiyi a nyumba yosungiramo mankhwala opopera, pakuti bungwe la WHO, limene limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse pa dziko lapansi, limanenanso kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse amafa ndi mankhwala a m'munda. Ku Sri Lanka, dziko lolima tiyi monga lathu, boma litaletsa mankhwala oopsa koposa, chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 aliwonse pakati pa 1995 ndi 2015, chifukwa ganizo lodzipha kawirikawiri limafika ngati mkuntho nilipita, ndipo amene sanapeze chodzipwetekera pa ola limenelo nthawi zambiri amakhala ndi moyo. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire. Tsono musayembekeze kuti iye ayambe wakuitanani, pitani kwa iye ndinu, mukamfunse, ndipo akavomera musamsiye yekha kufikira mutamfikitsa m'manja mwa achipatala.

WOULUTSA: Omvera athu, nambala ya ana ndi achinyamata ndi 116, ndipo chipatala chilichonse chimene muli nacho pafupi chingathe kukulandirani kapena kukutumizani koyenera. Pitirizani kutilembera, ndipo amene mwayankhidwa lero mutidziwitse mmene mwayendera.