Phunziro: Tizikumbu Takudya Masamba a Nyemba

Mvula yoyamba ikagwa ndi nyemba zikamera, timapeza masamba ace ataboolekabooleka. Poyang'anitsa tiona kacikumbu konyezimira, kotalika ngati mamilimita 6. Ndipo tikagwedeza tsamba, iko kagwa pansi ndi kubisala m'dothi. Tiyeni tidziwe mdani ameneyu ndi abale ace, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

1. Pfuko lace. Monga ife tiri nao mapfuko ndi mabanja, momwemo akatswiri anagawa zamoyo zonse. Zikumbu zakudya masamba aziika m'pfuko limodzi lalikuru, dzina lace Chrysomelidae, ndipo mitundu yace yodziwika iposa 35,000. M'kati mwa pfukoli muli nthambi yochedwa Galerucinae, ndi m'nthambimo muli banja la kuno ku Afrika lochedwa Ootheca. Ndilo banja la kacikumbu kathu.

2. Maina ace. Carl Linnaeus, wa ku Sweden, anakhazikitsa m'caka ca 1758 mwambo wakupatsa nyama iri yonse maina awiri. Loyamba liri ngati mfunda, monga Banda kapena Phiri. Laciwiri ndilo la mtundu womwewo. Cotero pali Ootheca bennigseni, kamene Julius Weise wa ku Germany anakacha dzina mu 1900, kakusautsa nyemba ku Tanzania, Malawi ndi Zambia. Palinso Ootheca mutabilis, kodziwika ndi kuononga khobwe ku madzulo kwa Afrika.

3. Maonekedwe anyenga. Mau akuti mutabilis atanthauza "cosinthasintha," pakuti mu mtundu umodzi kena nkofiirira, kena nkakuda, kena kali nazo mbali zonse ziwiri. Cifukwa cace akatswiri sakhulupirira maanga. Asiyanitsa mitunduyi pakupenya ziwalo zoberekera za kacikumbu kakamuna pa galasi lokuza zinthu.

4. Moyo wace. Kakakazi kaikira mazira m'dothi patsinde pa nyemba. Mphutsi zikaswa zidya mizu, ndipo mbeu ipinimbira, nicita cikasu isanakhwime. Zitakhuta, mphutsizo zisanduka zikumbu m'nthaka momwemo, nizigona cirimwe conse kufikira mvula yina. Taonani tsono: wobowola masamba ndi wakudya mizu ndiye mmodzi. Ambiri a ife tinanamizira nthaka kuti yaguga, pamene mbala inali pansi pa mzere.

5. Cocita ife. Popeza mdani agona m'munda mwathu momwe, tisabwereze nyemba kapena khobwe pa malo amodzi caka ndi caka, koma tisinthanitse ndi cimanga, cimene mphutsizi sizidya. Titakolola tigaule munda, kuti dzuwa ndi mbalame zipeze ogonawo. Ndipo tipangane mudzi wonse, pakuti zikumbu ziuluka, ndi munda wa mnansi wosasamala udyetsa minda ya onse.

Funso la mwezi uno: zulani mbeu imodzi ya nyemba yacikasu, mupenye mizu yace. Mwapezamo ciani?