KACHIROMBO KA EPSTEIN-BARR: MMENE KHANSA YA ANA IDAULULIRA CHINSINSI

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, m'phunziro la Biology timaloweza kuti mavairasi amayambitsa chikuku, poliyo ndi chimfine. Koma mukadafunsa madokotala a m'chaka cha 1960 ngati vairasi ingathe kuyambitsa khansa mwa munthu, ambiri akadakusekani. Amene adasintha maganizo amenewa ndi Anthony Epstein wa ku England, ndipo nkhani yake idayambira kuno ku Africa.

M'chaka cha 1957, pa chipatala cha Mulago ku Kampala, dokotala wa opaleshoni wochokera ku Ireland, Denis Burkitt, adaona kamnyamata kotupa nsagwada moopsa. Patangopita masabata ochepa adaonanso mwana wina wotupa chimodzimodzi. Burkitt adali ndi diso limodzi lokha, linalo lidaonongeka ali mwana, komabe adaona chimene anzake a maso awiri sadachione: kuti zotupa za m'nsagwada, m'mimba ndi m'maso mwa anawa zidali matenda amodzi. Adalemba za matendawa mu 1958, ndipo lero amatchedwa Burkitt lymphoma.

Mu 1961 iye ndi madokotala anzake awiri adakwera galimoto yakale nayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, kuyendera zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za kuno kwathu, dziko likadali Nyasaland. Paliponse funso lidali limodzi: kodi ana otupa chonchi mumawaona? Mayankho adaonetsa kuti matendawa amakonda malo otentha ndi a chinyezi, monga m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa, koma kumapiri kozizira ngosowa. Kumeneko ndi kumene udzudzu umaswana. Tsono anthu adayamba kuganiza kuti mwina udzudzu ukufalitsa vairasi ina yake.

Pa 22 Malichi 1961, ulendowu usanachitike, Burkitt adakamba za matendawa pa chipatala cha Middlesex ku London. Mwa omvera mudali Epstein, amene ankafufuza vairasi yoyambitsa khansa mu nkhuku. Atamva kuti khansayi imatsata nyengo, adasiya ntchito yakeyo napempha Burkitt kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupa pa ndege.

Kwa zaka zoposa ziwiri sadapeze kanthu. Njira zonse zodziwika zoberekera mavairasi zidakanika, ndipo ine ndikuganiza kuti ambiri a ife tikadangokweza manja. Mu Disembala 1963 ndege yochokera ku Uganda idalephera kutera ku London chifukwa cha chifunga, nikatera ku Manchester. Kachidutswako kadafika mochedwa, madzi ake atachita mbuu ngati aola. Wina akadangotaya. Epstein adayamba wayang'ana pa maikulosikopu, ndipo m'malo mwa mabakiteriya adaona maselo amoyo a chotupacho, atasasuka ndi kugwedezeka kwa paulendo, akuyandama okhaokha. Pamodzi ndi Yvonne Barr, wophunzira wake wochokera ku Ireland, adawalera maselowo ali choyandama chomwecho, ndipo adaswana. Mu Febuluwale 1964, pa maikulosikopu yamphamvu ya electron, Epstein adaona m'kati mwake timavairasi tooneka ngati ta m'banja la herpes. Zotsatira zidatuluka m'magazini ya The Lancet pa 28 Malichi 1964, zolembedwa ndi Epstein, Barr ndi Bert Achong wa ku Trinidad. Dzina la Achong silidalowe m'dzina la kachiromboka, ndipo kwa ine pamenepa chilungamo chidaperewera.

Banja la herpes mukulidziwa kale. Muli vairasi ya katsabola, imene imabisala m'mitsempha ndi kudzabuka patapita zaka ngati mashingozi, ndiponso ija ya tizilonda ta pamilomo. Khalidwe lawo ndi limodzi: zikalowa m'thupi sizitulukamo mpaka imfa.

Apa ndiye padabuka chozunguza mutu. Werner ndi Gertrude Henle a ku Philadelphia atayeza magazi a anthu, adapeza kuti kachiromboka kali ponseponse, ku America komwe. Lero tikudziwa kuti akuluakulu oposa 90 mwa 100 alionse padziko ali nako. Udzudzu sukhudzidwa pokafalitsa, kamayenda m'malovu. Ana ambiri amakatenga osadwala n'komwe, koma amene wakatenga ali mnyamata kapena mtsikana nthawi zina amadwala matenda otupitsa zilonda za kukhosi ndi mwanabere, otchedwa glandular fever, monga a Henle adasonyezera mu 1968.

Nanga ngati tonse tili nako, bwanji khansayi imagwira ana a kumalo otentha? Gwirani bwino mfundo iyi. Kachiromboka kamakhala m'maselo oyera a magazi otchedwa B, amene ntchito yawo ndi kupanga asilikali a m'thupi, ndipo kamawakakamiza kuswana. Maselo ena otchedwa T ndiwo alonda, amapha maselo a B opulupudzawo. Mwana akamadwala malungo pafupipafupi, alondawa amafooka pamene maselo a B akuswana mothamanga. Pa kuswana kotereku nthawi zina kachidutswa ka chromosome 8 kamaduka n'kukalumikizika pa chromosome 14, ndipo jini ya MYC, yolamula selo kuswana, imayaka osazimanso. Choncho mapu a Burkitt adali mapu a malungo. Udzudzu udalimo ndithu m'nkhaniyi, kungoti katundu wake adali wina.

Kuyambira pamenepo kachiromboka kapezekanso m'khansa ya kuseri kwa mphuno yofala kumwera kwa China, ndi m'gawo lina la Hodgkin lymphoma. Mu 2022 akatswiri a ku Harvard, atafufuza asilikali a ku America oposa 10 miliyoni, adapeza kuti chiopsezo cha multiple sclerosis, matenda oononga chikuta cha mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, chimakwera ka 32 munthu akatenga kachiromboka. Epstein adamwalira mu Febuluwale 2024 ali ndi zaka 102, katemera amene ankamulakalaka asanapezeke.

Pa tchuthi mukaona mwana kumudzi watupa tsaya kapena mimba mwadzidzidzi, mano akugwedera, musalole kuti achedwe kwa asing'anga poganizira ufiti. Chotupachi chimatha kukula kawiri m'masiku awiri okha, koma chimamvanso mankhwala msanga, ndipo ana ambiri achira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.